Batani likakana, musamulande mwana mausi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga koma mumabwerabe pa tsamba lino kudzaona ngati mkulu uja akadalemba. Ndilipo ndithu, ndipo lero ndabwera ndi nkhani yomwe ena mwa inu mwina simuikonda.

Pali chizolowezi china chomwe ndimachiona m'malabu ambiri a makompyuta. Mwana wapanga kafomu kake, waikapo batani, walemba mizere itatu ya code, wadina, koma palibe chomwe chachitika. Wakweza mkono. Mphunzitsi wafika, wamulanda mausi, wadina apa, wadina apo, batani layamba kugwira ntchito. "Waona?" "Inde aphunzitsi." Koma mwanayo wangoona dzanja la mphunzitsi likuyenda basi. Mawa batani lina likakana adzakwezanso mkono, ndipo akadzamaliza sukulu sipadzakhala womukwezera.

Maganizo anga ndi akuti nthawi yomwe batani lakana ndiyo nthawi ya phunziro lenileni. Kuika mabatani pa fomu mwana aliyense angaphunzire tsiku limodzi. Kupeza chifukwa chomwe windo yauma, yasowa kapena yadula malemba ndiyo ntchito yomwe anthu amadyera. Choncho tiziiphunzitsa mwadala, tiziipatsa nthawi yakeyake, tisiye kuiona ngati ngozi yofunika kuthana nayo msanga belu lisanalire.

Mmene zinthu zinapepukira

Kale kupanga windo imodzi pa Windows kunali kukhetsa thukuta. Munthu ankalemba m'chilankhulo cha C, ndipo m'buku lomwe ambiri ankaphunzirira, Programming Windows la Charles Petzold la mu 1988, pankafunika mizere yambirimbiri kuti windo yongopereka moni ioneke. Mu 1991 kampani ya Microsoft inatulutsa Visual Basic, yomwe njira yake yokokera mabatani pa fomu inachokera ku ntchito ya Alan Cooper. Borland inatsatira ndi Delphi mu 1995, Visual Basic 6 inabwera mu 1998, ndipo Windows Forms inafika pamodzi ndi .NET mu 2002. Lero aliyense angathe kukoka batani ndi mausi, kuliika pomwe akufuna, n'kulidina kawiri kuti alembe zomwe lizichita.

Zimenezi n'zabwino, sindikutsutsa ayi. Koma walira mvula walira matope. Zida zimenezi zinangophimba makina omwe amayendetsa windo, makinawo akadali pansi pomwepo. Tsiku lomwe zinthu zasokonekera, yemwe sadziwa kuti alipo amangoti kompyuta ili ndi vairasi.

Chigayo cha mauthenga

Ana ndimawafotokozera ndi chigayo. Pa chigayo pamakhala mzere wa matumba ndi wogaya mmodzi. Amatenga thumba loyamba, kugaya, kupereka kwa mwini wake, n'kutenga lotsatira. Pulogalamu ya mawindo imayenda chimodzimodzi. Mukasuntha mausi, mukadina, mukagunda kiyi, Windows imakonza kauthenga n'kukaika pa mzere wa pulogalamuyo. M'kati mwa pulogalamu muli kagawo kongozungulira, kutenga uthenga ndi GetMessage n'kuutumiza kwa mwini wake ndi DispatchMessage. Mauthengawa ali ndi mayina awo: WM_LBUTTONDOWN mukatsindika batani lakumanzere la mausi, WM_PAINT windo ikafunika kujambulidwanso, WM_CLOSE mukadina ka X ka pakona kaja. Amene mumaphunzitsa Python, mainloop yomwe timalemba kumapeto kwa pulogalamu ya Tkinter ndi wogaya yemweyo. A Java amamutcha Event Dispatch Thread mu Swing.

Chinthu china chomwe chimadabwitsa ana n'chakuti mu Windows Forms batani nalonso ndi windo, bokosi lolembamo nalonso ndi windo, chilichonse ndi nambala yake yotchedwa handle yomwe Windows imachidziwira. Kachida ka Spy++, komwe kamapezeka mu Visual Studio, kamaonetsa mawindo onsewa, kholo ndi ana ake, ndiponso mauthenga akamayenda. Aonetseni ana kamodzi kokha, mudzaona maso awo.

Mwana akamvetsa chigayochi, mafunso ake amasintha. Amasiya mawu aja akuti "sizikutheka aphunzitsi" n'kuyamba kufunsa kuti, kodi uthenga unafika? Unafika kwa ndani? Nanga wogaya ali kuti? Mavuto ambiri a mawindo amayankhidwa ndi mafunso atatuwa. Tiyeni tione ena mwa omwe amabwera chaka ndi chaka.

Batani losamva

Mwana asanasinthe kalikonse, aike breakpoint pa mzere woyamba wa code ya batanilo. Mu Visual Studio ndi kiyi ya F9 basi. Akadina batani ndipo pulogalamu siima pamenepo, ndiye kuti vuto silili m'mizere yomwe wakhala akuiyang'anitsitsa ija. Uthenga sukufika n'komwe. Mu Visual Basic ya .NET, kudula batani n'kulimata pena pa fomu kumatha kuchotsa mawu a Handles kumapeto kwa mzere woyamba wa Sub, code n'kutsala yamasiye, yopanda batani loiitana. Nthawi zina batani limazilala ngakhale kuti palibe analizimitsa, chifukwa lakhala m'kati mwa GroupBox kapena Panel yomwe Enabled yake ndi False, ndipo kholo likazima ana onse amazima. Mu Tkinter vuto lotchuka ndi timabulaketi tiwiri. Mwana akalemba dzina la function ndi mabulaketi ake pa command, function imagwira kamodzi pulogalamu ikamayamba, ndipo batani limatsala lopanda ntchito. Mphunzitsi angakonze zonsezi m'masekondi khumi. Mwana akazipeza yekha m'mphindi makumi awiri, sadzaziiwalanso.

Windo youma

Ana amati yahang'a. Windows ikaona kuti windo yatha masekondi 5 osatenga uthenga, imaiona ngati yauma n'kulemba Not Responding pamwamba pake. Kuyambira pa Windows XP ya mu 2001, imaika chithunzi cha windoyo m'malo mwake kuti munthu athe kuisuntha kapena kuitseka. Nthawi zambiri pulogalamu siinafe. Wogaya wangotanganidwa ndi thumba limodzi lalikulu, mwina kuwerenga fayilo yaitali kapena kudikira netiweki, ndipo mzere wangoima.

Pamenepa pali msampha wakale wotchedwa DoEvents, womwe ana amaupeza msanga pa intaneti. Umaoneka ngati wachiritsa, chifukwa windo imayambanso kuyankha. Koma DoEvents ikutanthauza kuuza wogaya kuti asiye thumba lili pakati n'kuyamba lina. Taganizirani pulogalamu yolandirira fizi. Kalaliki wadina batani losungira, watopa kudikira, wadinanso. Code yomweyo yayambanso isanamalize ulendo woyamba, ndipo lisiti limodzi lalowa kawiri. Kumapeto kwa teremu ndalama za m'buku sizikugwirizana ndi za m'bokosi. Amene adzaitanidwe ku ofesi kukayankha ndi kalaliki, wolemba pulogalamu ali kwawo phee.

Njira yoyenera ndi kuzimitsa batani ntchito ikangoyamba, n'kupereka ntchito yaitaliyo kwa wantchito wachiwiri, amene timamutcha thread ina. BackgroundWorker inabwera ndi .NET 2.0 mu 2005, ndipo Async ndi Await zinafika mu 2012. Lamulo lake ndi limodzi: wantchito wachiwiriyo asagwire mabatani ndi mabokosi a pa fomu. Akafuna kusintha kanthu pa sikirini apemphe wogaya kudzera mu Invoke, kapena invokeLater kwa a Swing. Akaphwanya lamuloli, Visual Studio imadandaula kuti Cross-thread operation not valid. Mwana yemwe amadziwa chigayo akawerenga mawu amenewa amamva zomwe akunena.

Windo yosowa

Ili ndi vuto la m'kalasi lenileni. Pulogalamu ina imakumbukira pomwe windo yake inali poitseka. Dzulo inali pa pulojekita, lero pulojekita yabwezedwa ku ofesi, ndipo windo yatsegukira kunja kwa sikirini. Pansi ikuoneka kuti ilipo, koma pamaso palibe. Wogwiritsa ntchito angaibweze ndi makiyi a Windows, Shift ndi muvi pamodzi, kapena Alt ndi Space, kenako M ndi mivi. Koma wolemba pulogalamu ntchito yake ndi kuona kaye mu Screen.AllScreens ngati malo osungidwawo akadali pa sikirini yomwe ilipo.

Mbale wake wa vutoli ndi kabokosi kofunsa funso kobisala kumbuyo kwa windo yaikulu. Mukadina paliponse kompyuta ingolira kabelu. Munthu amaganiza kuti yauma, pomwe ikudikira yankho la funso lomwe iye sakuliona. Poyamba yesani Alt ndi Tab. Kenako onani ngati kabokosiko kanauzidwa mwini wake pokatsegula, monga kupereka Me kwa ShowDialog.

Malemba odulidwa

"Pa kompyuta yanga zimaoneka bwino." Mawu amenewa ndi oletsedwa m'kalasi mwanga. Mafomu ambiri amakonzedwa pa sikirini ya madontho 96 pa inchi, yomwe Windows imaiwerengera 100%. Malaputopu ambiri amakono amabwera ali pa 125% kapena 150%, kutanthauza madontho 120 kapena 144. Fomu yosakonzekera zimenezi imadula malemba, kapena batani lomaliza limagwera kunja. Mwana ayese fomu yake pa masikirini awiri osiyana, aikoke m'mbali, aone zomwe Anchor ndi Dock zikuchita. Ndipo amene mukufuna kumasulira mapulogalamu m'Chichewa, zomwe ndimalimbikitsa kwambiri, kumbukirani kuti mawu athu ndi aatali. Batani lomwe linakwana Print silingakwane Sindikizani.

Batani lonamiziridwa

Chilankhulo chathu chili ndi msampha winanso. Pulogalamu yolembera mayina imagwira bwino mpaka tsiku lomwe pabwera dzina lokhala ndi ng', ngati Ng'ambi, kapena mawu ngati ng'ombe. Kungodina batani losungira, yagwa. Aliyense amaloza batani. Koma wolakwa ndi wolemba code, yemwe analumikiza mawu a m'bokosi ndi lamulo la SQL mwachindunji, ndipo kachizindikiro ka pamwambako kanatseka mawu pakati. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito ma parameter, omwenso amatseka khomo la akuba a pa kompyuta. Ndimalikonda vutoli chifukwa limaphunzitsa kuti pomwe pakupweteka si pomwe pali nthenda nthawi zonse.

Palinso vuto lobwera masana. Pulogalamu imayamba bwino m'mawa, koma pofika masana mawindo ayamba kuda ndipo mabatani akusowa malemba. Windows imalola pulogalamu imodzi zinthu zojambulira za GDI zokwana 10,000 ngati palibe wasintha malirewo. Code yomwe imapanga zolembera, mafonti kapena zithunzi zatsopano mobwerezabwereza osazibweza ndi Dispose imatha kufika pamenepo. Mu Task Manager, pa Details, mungawonjezere danga la GDI objects n'kuona nambala ikukwera. Mwana akaiona ikukwera yekha, simufunikanso kumulalikira.

Mafunso anayi

Ndiye mkono ukakwera, mphunzitsi achite chiyani? Ine ndimaika manja kumbuyo n'kufunsa mafunso anayi. Umayembekezera kuti chichitike n'chiyani? Chachitika n'chiyani kwenikweni, ndipo uthenga wa pa sikirini ukuti chiyani, liwu ndi liwu? Ungachititsenso vutoli ine ndikuona? Wasintha chiyani komaliza zisanayambe? Kenako lamulo limodzi: sintha chinthu chimodzi, yesa, lemba zomwe waona. Ana ambiri amatseka uthenga wa cholakwika asanauwerenge, ngati njoka yalowa m'nyumba, chonsecho yankho lili momwemo.

Funso lachitatu ndilo lalikulu, ndipo pali nkhani yomwe ndimawauza ana chaka chilichonse. Pakati pa 1985 ndi 1987, makina ochizira khansa otchedwa Therac-25, opangidwa ndi kampani ya AECL ya ku Canada, anawotcha odwala ndi mphamvu yopitirira muyeso pa ngozi zisanu ndi imodzi zodziwika, ndipo ena anamwalira. Sikirini yake inali ya malemba okhaokha, yopanda mawindo ngati athuwa, koma vuto linali la mtundu womwewu, la mmene pulogalamu imalandirira zomwe munthu akulemba. Mu 1986 ku Tyler, m'chigawo cha Texas ku America, makinawo anavulaza odwala awiri, ndipo pa sikirini panangolembedwa kuti Malfunction 54. Ngozi yoyamba itachitika, akatswiri a kampaniyo analephera kulichititsanso vutolo. Itachitika yachiwiri, katswiri wa fizikisi wa pa chipatalapo, Fritz Hager, anakhala pansi ndi mayi yemwe ankayendetsa makinawo, n'kuyesa mobwerezabwereza mpaka anapeza chinsinsi. Vuto linkabwera woyendetsa akalakwitsa mtundu wa chithandizo, n'kubwerera ndi muvi kukakonza, n'kumaliza pasanathe masekondi 8. Wolemba pang'onopang'ono sakanaliona. Linkagwira anthu ozolowera, a zala zothamanga. Nancy Leveson ndi Clark Turner analemba kafukufuku wa nkhaniyi mu 1993. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Hager anadekha, komanso anamvera munthu amene ankagwiritsa ntchito makinawo tsiku ndi tsiku.

Zomwe anzanga amandiyankha

Ndikudziwa zomwe ena mukunena. Piriyodi ndi mphindi 40, ana ndi ambiri, makompyuta ndi ochepa, magetsi amathima, ndipo silabasi ikudikira. N'zoona zonsezo, ndipo nanenso ndimakhala m'dziko lomweli. Koma werengani bwino nthawi. Mphunzitsi wokonzera ana amathamanga kuchoka pa kompyuta iyi kupita pa iyo chaka chonse, akukonza mavuto omwewo. Mukapereka masabata awiri oyamba ku mafunso anayi aja, pofika teremu yachiwiri ana amayamba kuthandizana okha, ndipo mikono yokwera imachepa. Za magetsi, phunziro ili ndi limodzi mwa ochepa omwe amatheka pa bolodi. Lembani code yolakwika ndi choko, jambulani fomu, nenani zomwe zikuchitika mukadina, ana apeze chifukwa. Mungathenso kusewera chigayo: mwana mmodzi akhale wogaya, ena akhale mauthenga pa mzere, wina amugwire wogaya mkono aone mzere ukuima.

Ena amati mapulogalamu a pa kompyuta ya pa desiki anatha, masiku ano ndi foni ndi intaneti. Pitani m'masitolo, m'mafamase ndi m'maofesi momwe netiweki imabwera ikafuna, mukaone zomwe akalaliki akudina. Komanso chigayo chija chili paliponse. Foni ya Android imadandaula kuti pulogalamu sikuyankha ikatha masekondi 5 osalabadira chala cha munthu, pa chifukwa chomwecho. Tsamba la pa intaneti limauma JavaScript ikatanganidwa ndi ntchito imodzi yaitali. Mwana wophunzira zimenezi pa kafomu ka Visual Basic wanyamula nzeru yomwe adzagwiritse ntchito pa chida chilichonse.

Ndiye pali yatsopanoyi. Kuchokera pomwe ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, mwana wokhala ndi foni angathe kupeza code ya fomu yonse m'kanthawi kochepa. Ena akuti ndiye palibenso chophunzitsa. Ine ndikuona kuti zawonjezera ntchito yathu. Kulemba code kwatsika mtengo, ndipo zatsala m'manja mwa munthu ndi kudziwa ngati code yo ikuchita zoyenera. Makina amenewa sanaone sikirini ya kalaliki wanu, sadziwa kuti pulojekita inachotsedwa, sadziwa kuti mayina athu ali ndi ng'. Ngakhale kuwafunsa bwino kumafuna mafunso anayi omwe aja. Wongouza makina kuti "sizikutheka" adzalandira mayankho ongopeka, ndipo adzamata chigamba pa chigamba.

Pempho langa

Kwa aphunzitsi anzanga, yesani izi teremu imodzi yokha. Sabata iliyonse perekani pulogalamu imodzi yomwe mwaiwononga dala, vuto limodzi basi. Ana akhale awiriawiri, ndipo akhale ndi kabuku kolembamo zomwe anaona, zomwe anaganiza, zomwe anayesa ndi zomwe zinatuluka. Perekani malikisi pa kabukuko, ngakhale kwa omwe sanafike pa yankho, bola njira yawo ili yolongosoka. Pulojekiti iliyonse isanalandiridwe, iyesedwe ndi mwana wa gulu lina amene sanauzidwe kalikonse. Kenako zulani mausi, ayende pa fomu yonse ndi kiyi ya Tab yokha. Ngati akudumpha kuchoka pa dzina kupita pa batani lotsekera, TabIndex yasokonekera. Kalaliki wolemba mwachangu amadalira kiyibodi, ndipo anzathu osaona amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu owawerengera sikirini ngati NVDA alibe njira ina koma imeneyo.

Kwa inu ana anga akale amene tsopano mukulemba mapulogalamu m'makampani, kapena mukuvutika nawo m'maofesi, ndikupempha thandizo. Nditumizireni vuto limodzi la windo kapena batani lomwe linakudyerani tsiku lathunthu, ndi mmene munalipezera. Chotsani mayina a kampani ndi a anthu, ndingofuna vutolo ndi njira yake. Ndikufuna kusonkhanitsa mapulogalamu owonongeka okwana teremu yathunthu, kuti mphunzitsi aliyense wofuna atenge ulere. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo amene simukugwirizana nane, makamaka inu ophunzitsa makalasi a mayeso, lembani maganizo anu m'munsimu. Ndiwerenga onse ndipo ndiyankha.